Mafunso a Owerenga: Ana Aphunzira Bwanji Banja Likamayenda M'mayiko Akunja?

FUNSO: Alangizi, amuna anga apatsidwa ntchito ya chaka chimodzi ndi theka imene idzawafuna kukhala m'mayiko atatu kapena anayi a ku Ulaya motsatizana, miyezi ingapo m'dziko lililonse, ndipo tagwirizana kuti tipite tonse m'malo mogawa banja. Tili ndi ana awiri, mtsikana wa zaka 14 ndi mnyamata wa zaka 7. Abale ena akuti anawo tiwasiye kuti asataye sukulu, pamene ena akuti ulendowo pawokha ndi sukulu yokwanira. Ineyo sekondale ndinamaliza, koma si mphunzitsi. Kodi n'zotheka kuwaphunzitsa tokha popanda kuwalakwira?
Mayi wa ana awiri

YANKHO: Zikomo, Mayi, chifukwa chofunsa musananyamuke, pakuti zambiri mwa zimene ndinene zimakonzeka mosavuta munthu akadali kwawo. N'zotheka ndithu kupita ndi ana anu, ndipo sindikuona chifukwa chowalekanitsira ndi makolo awo kwa nthawi yaitali chotere. Komabe pa magulu awiri a abale anuwo, amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi amene akunena kuti ulendo ndi sukulu yokwanira, chifukwa mawu awo ndi okoma kumva ndipo amapangitsa kholo kumasuka pa nthawi imene likufunika kukonza zinthu mwakhama.

Choyamba muyang'ane malamulo, chifukwa mwina simudzakhala ndi ufulu wosankha monga mukuganizira. Mlendo wongocheza, amene m'mayiko a chigawo cha Schengen (gulu la mayiko ambiri a ku Ulaya amene anthu amayendamo momasuka pakati pawo) amaloledwa masiku 90 pa masiku 180 alionse, nthawi zambiri safunsidwa za sukulu ya ana ake. Koma banja lopita kukagwira ntchito limakhala ndi chilolezo chokhala m'dzikomo, ndipo mukangolembetsa kuti ndinu okhala kumeneko, malamulo a maphunziro a dzikolo amakhudza ana anu monga momwe amakhudzira ana a eni dziko. Ku Germany mwana wa msinkhu wa sukulu amayenera kupita kusukulu, kuphunzitsira kunyumba sikuloledwa kupatula pa zifukwa zosowa monga matenda aakulu, ndipo makolo ena analipitsidwapo chindapusa. Bwalo la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagwirizana ndi boma la Germany pa nkhaniyi mu 2006 komanso mu 2019. Ku Sweden lamulo la mu 2010 linakhwimitsa zinthu moti chilolezo chimaperekedwa pokhapokha pakakhala chifukwa chapadera kwambiri. Ku France, kuyambira mu 2022, kholo limayenera kupempha chilolezo lisanayambe kuphunzitsira mwana kunyumba, pamene kale linkangodziwitsa akuluakulu. Ku England zinthu n'zosiyana, pakuti lamulo la maphunziro la mu 1996 limapatsa kholo udindo woonetsetsa kuti mwana akuphunzira mokwanira, kaya kusukulu kapena mwa njira ina. Choncho lembani mayina a mayiko amene mukupitako, ndipo mufunse ku ofesi za akazembe awo kapena kwa owalemba ntchito amuna anu kuti akuyankheni molemba. Musaiwalenso makadi a katemera, chifukwa ku Germany, kuyambira mu Malichi 2020, sukulu zimafuna umboni wakuti mwana analandira katemera wa chikuku.

Tsopano tikambe za anawo, ndipo ndikupempheni kuti musawaike mu dongosolo limodzi. Mnyamata wa zaka 7 ali pa msinkhu umene zinthu ziwiri zokha ndi zimene sizingadikire, ndizo kuwerenga ndi masamu. Zina zonse, monga mbiri, maiko ndi zachilengedwe, angathe kuzitola m'njira mwa dongosolo lililonse, koma masamu ali ngati khoma la njerwa, loti mzere umodzi ukasowa pansi, wapamwamba sukhala ndi pokhazikika. Mwana amene sanamvetse kuchulukitsa adzavutika ndi kugawa, ndipo amene sanamvetse kugawa adzafika pa masamu a zigawo ali wosokonezeka, kenako n'kuyamba kukhulupirira kuti iyeyo masamu sangawathe. Inuyo mungathe kumuphunzitsa zimenezi popanda satifiketi ya uphunzitsi. Ola limodzi kapena awiri m'mawa uliwonse, muli naye yekha, amakwanira, chifukwa nthawi yambiri ya m'kalasi imathera pa kuyembekezera ana ena. Chofunika n'chakuti olalo lisamadumphidwe chifukwa cha kulongedza katundu kapena kutopa kwa ulendo, pakuti masabata osamukira ndi amene amadya maphunziro a ana a mabanja oyendayenda popanda makolo kuzindikira.

Ngati lamulo lidzamufuna kuti alowe sukulu ya chilankhulo china, musachite mantha, koma musayembekezerenso zambiri. Katswiri wa maphunziro a zilankhulo wa ku Canada, Jim Cummins, anaonetsa kuti mwana wofika m'dziko lachilendo amatha kucheza bwino m'chilankhulo chatsopano pakatha pafupifupi zaka 2, pamene kuti afike pophunzira nacho mofanana ndi anzake zimatenga zaka 5 mpaka 7. Miyezi inayi ya m'kalasi ya Chijeremani idzamupatsa anzake osewera nawo ndi mawu a pabwalo, zimene ndi zamtengo wapatali, koma siidzamuphunzitsa kuwerenga. Ntchito imeneyo idzakhalabe yanu madzulo, m'chilankhulo chimene adzagwiritse ntchito kusukulu akadzabwerera, ndipo pakhomo muzilankhulabe chilankhulo chanu osachita manyazi, chifukwa mwana wamng'ono amaiwala msanga chimene sakuchimva.

Nkhani ya mtsikana wa zaka 14 ndi yolemera koposa, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhalire pansi ndi amuna anu. Iyeyu wayandikira mayeso amene adzamutsegulire kapena kumutsekera njira ya maphunziro apamwamba, kotero funso loyamba si lakuti adzaphunzira chiyani paulendo, koma lakuti adzalemba mayeso ati, liti, ndiponso kuti. Ngati adzabwerera kusukulu yake, pitani kwa mphunzitsi wamkulu musananyamuke, mutenge silabasi ya phunziro lililonse ndi mabuku ake, ndipo mugwirizane molemba kalasi imene adzalowe pobwera ndi zimene adzafunike kuonetsa. Ngati mukuona kuti nthawi ya mayeso idzamupeza ali kunja, mayeso a Cambridge IGCSE, omwe ndi mayeso a sekondale olembedwa m'mayiko ambiri, ndi amene amayenerana ndi moyo woyendayenda, chifukwa amalola wophunzira wosakhala pasukulu kulembetsa payekha kudzera pa malo ovomerezeka, kuphatikizapo maofesi a British Council m'mayiko ambiri. Amalembedwa cha mu Meyi ndi Juni komanso mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kulembetsa kumatsekedwa miyezi ingapo mayesowo asanayambe. Pa maphunziro a sayansi pali pepala lolemba limene limalowa m'malo mwa mayeso a mu labotale, ngakhale kuti ine ndingakonde kuti mwanayo agwirepo zipangizo zenizeni akapeza mpata. Dipuloma yomalizira sekondale ya bungwe la International Baccalaureate, imene anthu ambiri amaitchula pa nkhani ngati iyi, imafuna kuti wophunzira akhale wolembetsedwa pasukulu yovomerezedwa ndi bungwelo kwa zaka ziwiri, choncho siingathandize banja losamuka miyezi ingapo iliyonse.

Pa masamu ndi sayansi za msinkhu wake, musadzikakamize kukhala mphunzitsi. Mupezereni mphunzitsi mmodzi wokhazikika amene azikumana naye pa intaneti mlungu uliwonse kulikonse kumene muli, kapena mumulembetse kusukulu yophunzitsa ana ali kutali. Njirayi si yachilendo ayi: bungwe la CNED la ku France, lophunzitsa ana ali kutali, linayamba mu 1939, ndipo ku Alice Springs, ku Australia, ana a m'mafamu akutali anayamba kuphunzitsidwa pa wailesi mu 1951. Muwerengerenso kusiyana kwa chaka cha sukulu, chifukwa ku Ulaya chimayamba mu Ogasiti kapena Seputembala, pamene m'mayiko ngati South Africa chimayamba mu Januwale ndipo ku Japan mu Epulo, ndiye mwana akhoza kutaya miyezi yambiri pongofika pa nthawi yolakwika.

Ulendowo uli ndi zake zophunzitsa, ndipo sindikuzinyoza. Koma zimasanduka maphunziro mwana akapatsidwa chochita nazo, monga kuwerengera kusintha kwa ndalama, kutsogolera banja ndi mapu, kapena kulemba tsamba limodzi lofotokoza zimene waona m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Zolembazo muzisunge pamodzi ndi malipoti ndi makalata a sukulu iliyonse, chifukwa ndi umboni wokhawo umene mudzaonetse pobwerera. Mtsikanayo mumufunsenso maganizo ake moona mtima. Pa msinkhu wake kusiyana ndi anzake kumapweteka kuposa momwe akuluakulu amaganizira, ndipo angafunike kuti m'dziko lililonse mumupezere gulu la masewera, la nyimbo kapena la achinyamata m'masabata oyambirira omwe, osadikira kuti ayambe wazolowera.

FUNSO: Ife tikukonza zoyenda miyezi 8 ndi mwana wathu wa zaka 10. Kodi maphunziro aulere a pa intaneti monga Khan Academy sangakwanire okha?
Bambo wina

YANKHO: Bambo, Khan Academy ndi yothandiza kwambiri pa masamu, chifukwa imapereka mafunso motsatana ndipo imaonetsa pamene mwana akulakwitsa. Koma siingawerenge ndime imene mwana wanu walemba n'kumuuza chifukwa chake siikumveka, ndiponso siitsata silabasi ya sukulu imene adzabwerereko, kotero inuyo muyenera kufananiza mitu yake ndi ya m'buku la kalasi yake. Mwana wa zaka 10 akasiyidwa yekha ndi kompyuta amathamangira mitu yosavuta n'kulambalala yovuta, choncho mlungu uliwonse muzikhala naye pansi kuti akufotokozereni ndi pakamwa momwe wapezera mayankho. Mutengenso mabuku a pepala ndi makope, pakuti m'sitima, m'ndege ndi m'nyumba zongofikiramo intaneti imasowa kawirikawiri, ndipo mayeso amene adzakumane nawo pobwerera adzawalemba ndi dzanja.