Filimu ya maola atatu ndi theka yakugonetsani? Tiyeni tikambirane

Achimwene ena aku Ulongwe andilembera imelo kuti anatsitsa Killers of the Flower Moon, filimu yopangidwa ndi Martin Scorsese, pa foni nkugona isanafike ndi pakati pomwe, nde akufunsa ngati mafilimu aupandu aatali chonchi ali ndi phindu kapena nzongodzionetsera. Funso ili landigwira pamtima chifukwa ine ndi mlamu wanga timakangana zomwezi, iye amati filimu yopanda mfuti koyambirira ndi ulaliki basi.

Komatu sindikukudabwani achimwene. Ife tinakulira m'ma video show, benchi la matabwa, jenereta ikulira kuseri kwa baraka, DJ akumasulira osapuma, zigawenga zikangokhala phee iye amaponyapo nthabwala kapena kuthamangitsa kuti tifike pa ndewu, nde tinazolowera kuti pakakhala chete ndiye kuti atibera ndalama yolowera.

Ine filimuyi ndinaionera ku Joni mu 2023 ikungotuluka kumene, m'sinema yeniyeni, mphindi 206 opanda kopumira. Nkhani yake njoona. M'zaka za m'ma 1920 anthu a mtundu wa Osage ku Oklahoma analemera ndi mafuta opezeka pansi pa nthaka yawo, boma nkuwaikira azungu oti aziwasungira ndalama ngati ana, kenako anayamba kufa mmodzimmodzi. William Hale, yemwe akusewera Robert De Niro, amalankhula chilankhulo chawo, maliro alionse iye alipo kupepesa, chikhalirecho ndi amene akukonza zonse, mphwake Ernest nkukwatira Mollie kuti chuma chigwere kubanja kwawo. Kupha kotereku kumatenga zaka, kumadzera muukwati ndi kudyera mbale imodzi, nde mukufuna aonetse bwanji mu ola limodzi? Pali pena Mollie ali gone pabedi thukuta kamukamu, mwamuna wake akumubaya jakisoni wa shuga atathiramo mankhwala omufoola, kamera osachoka pankhope ya Lily Gladstone, yemwe akusewera ngati Mollie. Nkhope ija ikadzaza khoma lonse umaona maso akukayika koma akufunabe kumukhulupirira mwamunayo. Pa foni zimenezi simungazione olo pang'ono, mwina WhatsApp ikulowanso pamwamba.

Ndipo ife a ku Tete amene timaona sitima za malasha zikuchoka ku Moatize kupita ku Nacala, mabanja atasamutsidwira ku Cateme, nkhani ya chuma cha pansi pa nthaka ndi alendo omwetulira si yoti wina atimasulire. Koma imeneyo ndi ya tsiku lina.

Kunena mosabisa, amene amati "akanaidula" sadziwa chomwe akupempha. Zinachitikapo kale. Once Upon a Time in America ya Sergio Leone, ya 1984, inali ya mphindi 229, ku America anaidula kufika 139 nkusanjanso zochitika mwa iwo okha, ndipo inagwa chagada, pomwe yaitaliyo anthu akuitamabe mpaka pano. Mafilimu awa ali ngati nyemba zouma, moto wa mapesi sizipsa nawo.

Nde mutani?

Mukapita ku Maputo kapena ku Joni lowani m'sinema kamodzi mulawe. Apo ayi bwerekani projekita, khoma loyera ndi sipika yabwino zikwana, muyambe dzuwa litangolowa osati mutakhuta nsima usiku, foni ikhale chipinda china, mowa wa 2M muusunge mpaka kumapeto chifukwa mudzangokhalira kutuluka panja. Mukagonabe mundiuze pomwe munagonera, ngati ndi pa za kukhoti paja tigwirizana, pamenepo Scorsese anakokako ndithu.