Seva imodzi ikulemba, inzake ikukanizidwa pa NFS

Owerenga ena anditumizira imelo. Ku ofesi kwawo ali ndi NAS imodzi (makina osungira mafayilo pa netiweki) ndi maseva awiri a Ubuntu. Foda yogawana yalumikizika bwinobwino kudzera pa NFS, njira yogawanira mafayilo pa netiweki, koma seva yoyamba ikulemba mafayilo pomwe yachiwiri ikungoti "Permission denied", chonsecho konse akulowa ndi dzina limodzi. Akufunsa ngati angoika chmod 777, lamulo lolola aliyense kuwerenga ndi kulemba mu fodayo, kuti nkhani ithe.

Achimwene, musatero. Kumeneko n'kuzula chitseko chifukwa kiyi wavuta.

NFS, yomwe kampani ya Sun Microsystems idapanga mu 1984, ilibe nazo ntchito za dzina lanu. Imayang'ana nambala ya akaunti yanu, yotchedwa UID. Pa Ubuntu akaunti yoyamba kupangidwa imalandira 1000, yotsatira 1001. Ndiye ngati pa seva yachiwiri munayamba mwapanga akaunti ya munthu wina, inu kumeneko ndinu 1001, ndipo NAS ikukuonani ngati mlendo. Lembani lamulo la id pa maseva onse awiri, kenako ls -ln mu fodayo kuti muone manambala m'malo mwa mayina. Akasiyana, akonzeni ndi usermod -u ndi groupmod -g, mutatuluka kaye mu akauntiyo, ndipo musaiwale chown pa mafayilo akale a pa sevayo, chifukwa ena amatsala ndi nambala yakale. Zomwezi zimagwetsanso anthu osakaniza Linux zosiyana: akaunti yoyendetsa webusaiti pa Debian ndi www-data, nambala 33, pomwe pa Red Hat ndi apache, nambala 48. Maseva akachuluka, kukonza pamanja kumatopetsa; pamenepo mpofunika LDAP kapena FreeIPA, zosungira maakaunti onse pamalo amodzi.

Mwanenanso kuti ngakhale sudo, lamulo lokupatsani mphamvu za root (akaunti yolamulira zonse), ikukana. Si vuto limenelo, ndi dala. Pa NAS pali chitetezo chotchedwa root_squash chomwe chimasandutsa root wa pa seva yanu kukhala nobody, akaunti yopanda mphamvu, nambala 65534. Pa intaneti ambiri akuuzani kuti muike no_root_squash, yozimitsa chitetezochi. Ine sindingaike, chifukwa wothyola seva imodzi ndiye kuti watenga mafayilo a ofesi yonse. Komanso pa NAS, mu fayilo ya /etc/exports yonena ololedwa kulumikiza, lembani ma IP a maseva awiriwo basi, osati nyenyezi (*) yolola aliyense, kenako exportfs -ra kuti kusinthaku kuyambe kugwira ntchito. Ngati NAS yanu ndi ya Synology, zimenezi mumazichitira pa tsamba la NFS Permissions.  

Chimene simunafunse koma chikudikirani ndi magetsi. Akathima n'kuyakanso, seva imadzuka msanga NAS ikadali kuzungulitsa madisiki ake, foda n'kupezeka ilibe kanthu, mapulogalamu n'kumalemba pa disiki ya seva osadziwa. Pa maseva, mu fayilo ya /etc/fstab, pa mzere wa fodayo onjezani _netdev ndi x-systemd.automount kuti fodayo ilumikizike pamene yafunidwa. Siyani hard, yomwe imadikira mpaka NAS iyankhe, mmene ilili: soft, yomwe imasiya kudikira, imaoneka yabwino poti siimitsa seva, koma netiweki ikaduka pakati polemba, fayilo imatha kuwonongeka.