Mahinjesi a m'boti: tiwatchule bwanji m'Chichewa?

Funso lachokera kwa mmisiri wopala maboti ku Nkhata Bay. Akuti: "Aphunzitsi, ndikulemba kapepala kophunzitsira anyamata anga. Tizitsulo tomwe timagwira chitseko kapena chivundikiro cha bokosi m'boti, tija totsekuka ndi kutsekeka, ife timangoti mahinjesi. Mnzanga wina akuti limeneli si liwu lachichewa. Nanga pa paketi pakalembedwa kuti marine, ndilembe kuti a panyanja?"

Bambo, lembani mahinjesi, mtima uli m'malo. Makolo athu ankasema bwato kuchokera ku mtengo umodzi, ndipo bwato ulibe chitseko. Kachitsuloka kanabwera ndi dzina lake, ife n'kulilandira. Liwuli lili ndi chinthu china chimene chimandisangalatsa. M'Chingerezi, s wakumapeto ndiye amasonyeza kuchuluka, koma ife tinatenga liwu lonse ndi s wake yemwe, kenako n'kuwonjezera ma wathu kutsogolo. N'chimodzimodzi sokosi ndi masokosi. Choncho timati hinjesi imodzi yathyoka, mahinjesi awiri athyoka. Palibe cholakwika pamenepa. Mnzanuyo angakonde kuti muzilemba "zolumikizira chitseko", koma mnyamata akakanena zimenezo m'sitolo, angathe kubwera ndi misomali.

Funso lanu lachiwiri ndi limene lili ndi ntchito. Liwu lathu loti nyanja limanyamula zinthu ziwiri: nyanja ya Malawi ndi nyanja, ya Indian Ocean imene mumaiona ku Beira kapena ku Nacala ndi nyanjanso. Koma opanga zitsulo akamalemba marine, maganizo awo amakhala pa madzi amchere, chifukwa mchere ndi umene umadya chitsulo msanga. Mukangoti "a panyanja", wowerenga wa ku Nkhata Bay adzaganiza za madzi opanda mchere amene amamwa tsiku ndi tsiku. Ine ndingalembe kuti "mahinjesi opirira madzi amchere", kenako n'kufotokoza kuti kwathu kuno amakhalitsa koposa. Taonani sitima ya Ilala: inapangidwa ku Scotland mu 1949, inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, ndipo yatumikira zaka zoposa 70. Madzi opanda mchere amachitira chitsulo chifundo, ngakhale kuti chinyontho sichileka ntchito yake.

Samalaninso ndi mawu oti "chitsulo chosachita dzimbiri", amene ambiri amamasulira nawo stainless steel. Mawuwa amalonjeza zambiri kuposa zimene chitsulocho chingathe. Chimatetezeka chifukwa cha mtundu wina wa chitsulo wotchedwa chromium amene amasakanizamo, wosachepera magawo 10.5 pa 100 alionse. Koma chikakhala pamalo pobisika pamene madzi amadikha ndipo mpweya sufika, monga kunsi kwa hinjesi kapena m'bowo la sikuluwu, chimayamba timaenje ndi mawanga ofiirira. Onjezani liwu limodzi lokha: "chosachita dzimbiri msanga". Manambala osonyeza mitundu ya chitsulochi asiyeni momwe alili. Chitsulo cha 304 ndi cha wamba, pomwe cha 316 chili ndi chitsulo china chotchedwa molybdenum pang'ono, magawo 2 mpaka 3 pa 100, ndipo n'chimene chimalimbana bwino ndi mchere.

Liwu lina limene limandidetsa nkhawa ndi mkuwa. Timaligwiritsa ntchito pa zitsulo zitatu: kopa weniweni, kopa wosakaniza ndi zinki, ndi kopa wosakaniza ndi tini. Pocheza palibe vuto. Koma m'madzi amchere zinki amasungunuka pang'onopang'ono n'kusiya hinjesi yofiira ndi yofumbutuka, pamene wosakaniza ndi tini amakhala zaka zambiri. Pakapepala kanu musangoti "mahinjesi amkuwa". Tchulani chimene chasakanizidwamo, ngakhale chiganizo chitalike.

Muwakumbutsenso anyamatawo kuti masikuluwu azikhala a chitsulo chofanana ndi cha hinjesi. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pachinyontho, chimodzi chimadyeka msanga. Apa liwu loyenera ndi "kudyeka", chifukwa dzimbiri timalidziwa ndi kufiira kwake, pomwe aluminiyamu akamawonongeka amatuluka ufa woyera.

Kamodzi m'kalata yanu munalemba kuti "boti wanga". Polemba, ambiri amatsata "boti langa, maboti anga", kusiyana ndi "bwato wanga". Sankhani "boti langa" ndipo mukhale nalo kuyambira pamwamba mpaka pansi pa tsamba.