Usanaponye nkhani pagulu, yamba waiwerengera anthu awiri

Mdzukulu wanga wina wandilembera kuti watha zaka ziwiri akulemba nkhani zifupizifupi, ndipo iliyonse akangoimaliza amaiponya pa Facebook usiku womwewo. Anthu amaikapo timitima, ena n'kulemba kuti "moto!", koma iye akuona kuti luso lake lili pomwe linali chaka chatha. Ndiye akufunsa: "Agogo, kodi ndisiye kuonetsa anthu, ndizingolemba phee kwa ndekha mpaka nditakhwima? Anzanga akuti mlembi weniweni safuna gulu."

Mdzukulu wanga, anzakowo akunamiza, ngakhale sakudziwa kuti akunama. N'zoona kuti pogwira cholembera umakhala wekha, palibe amene angakulembere chiganizo. Koma nkhani ikatha kulembedwa koyamba imafuna maso ena, chifukwa iwe mwini suwerenga zimene zili papepala, umawerenga zimene zili m'mutu mwako. Pamene wasiya dzenje, maso ako amadumpha osaona, poti njira ukuidziwa. Vuto lako si kuonetsa ayi. Vuto ndi loti ukuonetsa anthu oomba m'manja usanaonetse anthu okonza. Munthu amene akuyendetsa chala pafoni ali pabedi sangakuuze kuti mtsikana wa m'nkhani yako wakwiya popanda chifukwa pandime yachitatu. Amaika kamtima chifukwa amakukonda, mwinanso sanafike n'komwe kumapeto.

Ine ndinaphunzira izi mochita manyazi. Ndili wamng'ono ngati iwe ndinalemba nkhani ya masamba khumi ndi awiri, pamanja, ndipo ndinkaiona ngati mwana wanga woyamba. Ndinakaiwerengera mnzanga wina mokweza. Tsamba loyamba anamvetsera. Lachiwiri anayamba kuyang'ana pawindo. Pofika lachinayi ankachotsa ulusi pamkono wa malaya ake, ndipo ine ndinkamva mawu anga akuuma kukhosi. Nditafika pomwe bambo wa m'nkhaniyo akubwerera kunyumba n'kupeza chitseko chili chotseka, mnzangayo anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Nkhani yako yayambira apa. Zam'mbuyozo unkangotsuka kukhosi." Ndinapinda mapepala anga n'kuchoka osatsanzika, ndipo ndinatha milungu iwiri osamulankhula. Nditawerenganso mtima utazizira, ndinachotsa masamba anayi aja, ndipo palibe chimene nkhaniyo inataya. Sanachite kundiuza zambiri: ulusi wa pamalaya uja ndi umene unandiuza.

N'chifukwa chake ndimati uziwerenga mokweza pamaso pa munthu. Chiganizo chimene chakuthera mpweya usanafike pa mpumiro n'chachitali. Mawu amene lilime lapunthwapo, owerenga adzapunthwaponso. Ndipo pamene munthu wa m'nkhani yako walankhula zimene munthu wamoyo sangalankhule, udzamva manyazi wekha mnzako asanatsegule pakamwa.

Usaganize kuti izi n'za ongoyamba kumene. Ku Oxford, ku England, m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, kunali kagulu ka abwenzi olemba mabuku kotchedwa Inklings. Ankakumana Lachinayi madzulo m'chipinda cha C.S. Lewis ku Magdalen College, n'kumawerengerana zimene aliyense ankalemba zisanasindikizidwe. J.R.R. Tolkien ankawawerengera mitu ya buku lake lalitali lotchedwa The Lord of the Rings, limene analiyamba mu 1937 n'kudzatuluka mu 1954 ndi 1955. Si onse ankalikonda, ena ankaonetseratu kutopa. Koma Lewis ankafuna kumva zotsatira, ndipo Tolkien mwini wake anadzavomereza kuti pakanapanda kukakamiza kwa mnzakeyo sakanalimaliza. Taona zaka zimenezo, mdzukulu wanga. Munthu sasenza mtolo wotero yekha osautula panjira. Mutu umodzi susenza denga.

Kwina mnzako sakulimbikitsa, amadula. Mlakatuli T.S. Eliot anapereka ndakatulo yake yaitali yotchedwa The Waste Land kwa mnzake Ezra Pound, yemwe anaidula kwambiri, pafupifupi theka, mpaka inatuluka mu 1922 ili ndi mizere yoposa 400 pang'ono. Mapepala oyambirira aja, okhala ndi zokhwatchakhwatcha za Pound, anadzasindikizidwa mu 1971, ndipo aliyense angathe kuona mmene munthu wa dzina lalikulu analolera kuti masamba athunthu agwe. Eliot sanasunge mangawa, anaipereka ndakatuloyo kwa Pound monga ulemu. Ine ndi masamba anga anayi ndinakwiya milungu iwiri!

Tsono funa anthu awiri kapena atatu, osapitirira. Asakhale okuopa, asakhalenso okuchitira nsanje. Mayi ako asakhale m'gulumo, chifukwa kwa iwo chilichonse cholembedwa ndi dzanja lako n'chokoma. Sikuti onse akhale alembi. Munthu wokonda kuwerenga amene satha kubisa kutopa ndi wamtengo wapatali kuposa mlembi waulemu wonyenga.

Pagulu lotere pali khalidwe lake, ndipo apa ndi pamene achinyamata ambiri mumagwa. Anzako akamanena za nkhani yako, tseka pakamwa, gwira cholembera, lemba zimene akunena. Usayambe zoti "ayi, apa ndimatanthauza kuti..." Owerenga ako sudzawatsatira m'nyumba zawo kukawafotokozera zimene umatanthauza. Ngati papepala sizikumveka, ndiye kuti sizilipo. Komabe si zonse zimene uyenera kutsatira. Mnzako akati "apa ndinasochera", mukhulupirire, chifukwa anasocheradi. Akati "uchite chakuti kuti zikhale bwino", yamba waganiza, poti nthawi zambiri akukuuza mmene iye akanailembera, ndipo nkhaniyo si yake. Anthu awiri akapunthwa pamalo amodzi asanapangane, pamenepo pali mwala, usatsutse.

Ikafika nthawi yako yomvera, bweza ngongole. Pali achinyamata ena amene amabwera ndi mapepala awo, akawerenga n'kumva zawo amayamba kuyang'ana nthawi. Ameneyo sakhalitsa ndi abwenzi. Werenga za mnzako ndi mtima wonse, ndipo usamuuze kuti "zili bwino" basi, kumeneko n'kumumana. Muuze pamene unaseka, pamene unafuna kudziwa zotsatira, ndi pamene maganizo ako anathawira kwina. Udzadabwa kuti zolakwa zimene umaziona msanga kwa mnzako ndi zomwezo zimene zadzaza m'zolemba zako. Ndipo zimene mnzako wakuwerengera zisanatuluke ndi chinsinsi. Usakazifotokoze kwina, usatengepo kachiganizo kokoma n'kukaika pa tsamba lako ngati kako. Tsiku limene mnzako adzasindikize iwe usanatero, kamtima kadzakuluma, usakane. Ukamuyamikire kamtimako kakulumabe choncho, kadzaleka kokha.

China chaching'ono: popereka zolemba zako kwa munthu, sunga zako. Mlembi wa ku Nigeria Chinua Achebe anatumiza ku London buku lake loyamba, Things Fall Apart, lolembedwa pamanja, kuti akalitayipe, ndipo analibe lina. Linakhala miyezi osakhudzidwa, mpaka mkulu wake wa kuntchito, amene anapita ku London, atakalondola. Likanatayika, sitikanaliona mu 1958. Masiku ano kusunga n'kosavuta, koma foni imagwa m'madzi, kompyuta imafa, ndiye usasunge pamalo amodzi.

Za Facebook sindikukuletsa. Nkhani imalembedwa kuti anthu aiwerenge, ndipo kuombera m'manja kumapatsa mphamvu. Koma isapite usiku umene yabadwa. Igone mlungu umodzi osaiyang'ana, uiwerenge mokweza wekha, ukaiwerengere anzako aja, uikonze, kenako ipite kugulu. Udzatulutsa zochepa kuposa kale, ndipo ena adzafunsa kuti wasowa kuti. Uwayankhe kuti ukulemba.

Nkhani ija unaiphatikiza pa kalata yako ndaiwerenga kawiri. Mnyamata amene akubisa kalata ya abambo ake m'nsapato ndamukonda, ndipo ndikufuna kudziwa chimene chalembedwamo. Koma ndime zitatu zoyambirira, zonena za kutuluka kwa dzuwa ndi kulira kwa mbalame, ndazizunguliza ndi cholembera chofiira. Ukabwera udzandiwerengere mokweza kuyambira pa nsapato paja, ndipo udzabwere ndi mnzako mmodzi wosaopa kuyasamula.