Eriyo ya galimoto yakana kutuluka

Funso: Ndili ndi Toyota Cressida yakale yomwe eriyo yake imatuluka yokha ndikayatsa wailesi. Masiku ano mota yoyendetsa eriyoyo imamveka ikulira koma eriyo siyikusuntha. Kodi ndigule yatsopano? — Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Musafulumire kugula. Popeza mota ikulira, ndiye kuti magetsi akufika ndipo fyuzi ilibe mlandu. Ndodo ya eriyo imakankhidwa ndi chingwe cha pulasitiki chokhala ndi mano, chomwe chimaduka kapena kutha mano chikakalamba, makamaka ngati fumbi lalimbitsa ndodoyo. Masulani nati ya pamwamba, wina ayatse wailesi pamene inu mukukoka ndodoyo pang'onopang'ono mpaka ituluke yonse. Mukaona kuti chingwe n'choduka, dziwani kuti chidutswa chake chatsalira m'bokosi la mota, ndipo muyenera kulitsegula n'kuchichotsa, apo ayi chingwe chatsopano sichidzalowa.

Ndodo ndi chingwe zimagulitsidwa pamodzi, motchipa kuposa eriyo yathunthu. Poika, mano aloze kumene akale analoza, kenako zimitsani wailesi kuti mota ikokere chingwecho mkati. Ndodoyo muziipukuta ndi nsalu yoyera, chifukwa girisi wambiri, yemwe amakaniko ena amamukonda, amangokola fumbi.