Za ana a alongo anu ofuna kukasaka agwape aja

Achimwene, ndaona funso lanu loti ana awiri a alongo anu, wina wa zaka 11 wina 14, akukuvutitsani kuti chaka chino muwatenge kukasaka agwape, nde mukufunsa kuti muwagulire mfuti yanji komanso mupite nawo liti. Ine ndiyankha za kuno ku Michigan poti nkomwe mukukhala inuyo, a ku Indiana musatengere izi, kwanuko malamulo ndi ena.

Pa 15 Novembala paja musapite nawo. Ndikudziwa kuti ndi tsiku lomwe aliyense amalikamba kuntchito, nyengo ya mfuti imatsegulidwa tsiku limenelo mpaka pa 30, koma kwa mwana woyamba kumene ndi tsiku lovuta zedi. Tchire la boma limadzaza anthu, kukangocha mfuti zimalira mbali zonse, agwape amabalalika, nde kuzizira kwake mwana akakhala phee maola awiri zala zimauma, akayamba kunjenjemera basi zatha, chaka chamawa mukamuitana adzati ndili ndi homuweki. Pali wikendi ya ana pakati pa Seputembala imene amaitcha Liberty Hunt, masiku awiri, ya ana a zaka 16 kutsika m'munsi komanso alenje olumala. Kunja kumakhala kukutentherabe, agwape sanayambe kuchenjera, anthu m'tchire ndi ochepa. Imeneyo nde yanu. Ndipo inuyo mfuti yanu muisiye kunyumba, tsiku limenelo ntchito yanu ndi kukhala pambali pa mwana basi.

Za mapepala musazengereze. A DNR, nthambi ya boma la Michigan yoyang'anira zachilengedwe ndi zosaka nyama, amafuna kuti aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Januwale 1960 akhale ndi satifiketi ya hunter safety, maphunziro a kusaka mopewa ngozi, asanagule layisensi. Kalasi yake mwana akhoza kuphunzira pa intaneti koma pamakhala tsiku limodzi loti akaonekere, akagwire mfuti pamaso pa aphunzitsi, ndipo masiku amenewo amadzaza msanga kukamayandikira nyengo yosaka nde lembetsani mu Julaye momwe. Akalephera kupeza malo pali layisensi ya apprentice, ya ophunzira kusaka amene alibe satifiketiyo, ya kuyambira zaka 10, imaloledwa zaka ziwiri zokha ndipo mwanayo amayenera kukhala ndi munthu wa zaka 21 kupita m'mwamba yemwe ali ndi layisensi yake, kholo kapena munthu amene kholo lamuvomereza. Apa nde mayi awo alowepo. Umalume wathu uja a DNR sauwerengera, alongo anuwo avomere momveka bwino, olo alembe kakalata muziyenda nako m'thumba, osati kumva kwa ana kuti amayi alola.

Pali nkhani ina yomwe anthu m'gulu muno sakonda kuikamba koma ndiinena. Lamulo la boma lalikulu la America limaletsa munthu wopanda mapepala kugwira mfuti olo chipolopolo chimodzi, ndipo amene ali pa viza ya sukulu kapena yongocheza amaloledwa pokhapokha pa zifukwa zochepa, chimodzi mwa izo nkukhala ndi layisensi yosakira yomwe ikugwira ntchito. Sindikufunsa za inu kapena za anawo ayi, ndikungoti muone kaye pamenepo musanalowe m'sitolo ya mfuti. Komanso ife akuda tikamayenda ndi mfuti kumidzi ya kuno tiyeni tizichita zinthu moonekera. Mfuti m'galimoto ikhale yopanda zipolopolo, m'chikwama chake chotseka, kubuti. Ngati mukusaka m'munda mwa munthu, chilolezo chake chikhale cholembedwa ndipo muuzeni galimoto yanu ndi yamtundu wanji kuti aneba akaimba foni adziwe choyankha.

Malo, bola munda wa munthu ngati muli ndi mnzanu wa kuntchito kapena wa kutchalitchi amene amalima chimanga kapena soya, ambiri amachita kukondwa poti agwape amawadyera mbewu. Apo ayi kuli Crane Pond State Game Area ku Cass County, kapena Allegan State Game Area yomwe ndi yaikulu kwambiri, mapu ake ali pa Mi-HUNT, tsamba la mapu la DNR pa intaneti. Musaiwale kuti simuloledwa kuwombera pasanathe mayadi 150 kuchokera pa nyumba yokhalamo anthu popanda chilolezo cha eni ake. Zothira chimanga pansi kuti munyengerere agwape zinaletsedwa ku Lower Peninsula kuno, chigawo chakumwera cha Michigan, chifukwa cha matenda opatsirana a agwape aja otchedwa CWD, olo muone matumba ake akugulitsidwa pothira mafuta musatengeke. Malamulowa amasinthasintha, kabuku ka DNR ka chaka chimenecho muwerenge nokha, osadalira za anyamata a kuntchito.

Tsopano mfuti. Chonde musawapatse mfuti yanu ya 12 gauge ija, imakankha kwambiri. Mwana akamenyedwa phewa kamodzi amayamba kutsinzina ndi kudzidzimuka asanawombere nkomwe, ndipo chizolowezi chimenecho kuchichotsa ndi ntchito. Kumwera kwa Michigan kuno kunaikidwa malire a mtundu wa mfuti zololedwa, nchifukwa chake anthu ambiri anathamangira mfuti ya .350 Legend itangotuluka mu 2019, siikankha kwambiri ndipo pa mayadi 100 imagwetsa gwape bwinobwino. Gulani imodzi yokha, yachitako chachifupi kapena chosinthika kuti ikwane onse awiri, musawononge ndalama pa ziwiri. Ndalama yotsalayo igule zipolopolo zophunzirira ndi zotseka m'makutu. Mu Ogasiti muzipita nawo kophunzirira kuwombera, muike mbale yapepala pa mayadi 50, amene akulasa mbale ija mobwereza atakhala pansi mfuti itatsamira pa ndodo nde wakonzeka, amene akuphonya adikire chaka chamawa olo alire. Ine kwa mwana woyamba sindilola kuwombera kupitirira mayadi 50 kapena 60, gwape wovulala wothawa ndi mwendo wothyoka si chinthu choti mwana ayambire.

Ndati mfuti imodzi dala. Lamulo limalola kuperekeza ma apprentice awiri koma maso anu ndi awiri okha, mutenge wina m'mawa wina madzulo, kapena winayo akhale nanu chimanjamanja azingoyang'ana. Ana awiri pamodzi amapikisana, wamng'ono amafuna aonetse kuti nayenso ndi dolo, ngozi zimayambira pamenepo.

Zokwera mumtengo ayi. Alenje ambiri amene amavulala kuno amavulala pogwa mumtengo osati ndi chipolopolo. Gulani kapena bwerekani kahema kapansi kobisalamo alenje kaja, muikemo mipando iwiri, mukakaimike masiku angapo nyengo isanafike ngati ndi m'munda mwa munthu kuti agwape akazolowere. Mukhale poti mphepo ikuchokera komwe mukuyembekeza agwape kubwera kwa inu, mphuno zawo nzoopsa kuposa maso. Jekete kapena chipewa cha orenji avale, ndi lamulo, ndipo musaope kuti gwape awaona, mtundu umenewo sauona bwino, chimene amaona msanga ndi kugwedezeka. Anawa mwina amva nkhani za agogo awo za uzimba wa kumudzi wa agalu ndi zibonga, kufuula ndi kuthamangitsana, auzeni kuti kuno nkukhala chete maola atatu mwina osaona kanthu kupatula agologolo. Tengani tiyi m'fulasiki, mabisiketi muwachotse m'pepala lake lolira lija muike m'kansalu. Akatopa nyamukani, musawakakamize kufika mpaka mdima.

Gwape akatulukira mudzamva mwana kupuma kwake kukusintha, bondo likugunda mpando, mfuti ikuvina m'manja. Zimachitika ndi akuluakulu omwe. Ikani dzanja pamsana pake, munong'oneze kuti apume kaye, adikire gwape aime chopingasa, aone kuti kuseri kwake kuli chani, nde aloze kumbuyo pang'ono kwa phewa lakutsogolo pomwe pali mtima ndi mapapo. Chala chisakhudze chowombera mpaka inu mutati tsopano. Ndipo akati malume sindikufuna, musamuseke, musakanene kunyumba kuti anachita mantha. Muuzeni kuti palibe vuto, muonerere limodzi gwapeyo akudya mpaka apite.

Akawombera musathamange. Gwape wolasidwa bwino amathawabe kamtunda, mukamutsatira msanga mumamudzutsa pomwe wagona nkupita kutali mwina mpaka m'munda wa eni ake. Chotsani zipolopolo m'mfuti, dikirani theka la ola, kenako mwanayo atsogole kutsatira magazi, aone yekha pa masamba. Magazi ofiira mowala okhala ndi thovu nde kuti mapapo, sali patali. Mukam'peza ena amadumpha ndi chimwemwe ena amangoti zii misozi nkuyamba kutsika, onsewo asiyeni. Mangani tagi ya layisensi pa gwapeyo nthawi yomweyo musanamusunthe, ndipo kuyambira 2022 mumayenera kulembetsa pa intaneti kapena pa app ya DNR pasanathe maola 72 kuti mwapha, izi anthu amaiwala kwambiri.

Kuipa kwa Seputembala ndi kutentha. Nyama imaonongeka msanga, nde tumbulani pompo, magolovesi kumanja, mwana agwire miyendo aziona, kenako matumba a ayisi m'mimbamo ulendo kwa osenda nyama kapena kunyumba ngati muli ndi firiji yaikulu. Imbiranitu foni osendawo sabata imeneyo isanafike mumve ngati atsegula. Nkhupakupa nazonso nthawi imeneyo zimakhalapo ndipo za kuno zimapatsa matenda a Lyme, mathalauzi alowe m'masokosi, pofika kunyumba asambe adziyang'ane m'khwapa, kuseri kwa makutu ndi m'chiuno.

Nyama ya gwape ilibe mafuta ambiri nde alongo anu asaiphike ngati ya mbuzi, imalimba. Ya kumsana ija muotche pang'ono chabe ndi mchere tsiku lomwelo mwini wakeyo alawe, ya miyendo muwiritse pamoto wochepa ndi anyezi ndi tomato yambiri, ndi nsima imatsika bwino. Kahema ndi ndodo yotsamiritsa mfuti ine ndili nazo, ngati mukuzifuna ndiuzeni ku inbox mudzatenge Ogasiti asanathe poti pali enanso amabwereka.