Mwala ukapanikizika, umasintha kapena umasanduka?

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi. Ndikufuna kufotokoza m'Chichewa zimene zimachitikira miyala ya m'gulu la carbonate, monga calcite wopezeka m'miyala ya laimu, ikalowa pansi kwambiri pa dziko. Mnzanga analemba kuti, "Calcite akafinyika amasintha n'kukhala aragonite, ndipo amalemera." Kodi Chichewachi chili bwino?

Yankho: Aphunzitsi, mfundo ya mnzanuyo ndi yoona, koma aneni atatu onsewo ine ndingawachotse.

Timafinya chinthu kuti mutuluke madzi, monga chovala chonyowa. M'calcite simutuluka kanthu. Kupsinja nakonso sikukwanira, chifukwa chopsinja chimachokera pamwamba pokha. Mwala umene uli pansi penipeni umakankhidwa mbali zonse, ulibe kothawira, ndipo mawu ake ndi kupanikiza. Chonde musabwereke mawu akuchipatala akuti "kuthamanga kwa magazi" n'kulemba "kuthamanga kwa miyala". Ndaonapo zoterezi ndipo zimasocheretsa ana.

Apa pali kanthu kena kamene kamandikoma mtima. Tili ndi kupanikizidwa komanso kupanikizika. Woyambayo amafuna wochita: calcite anapanikizidwa ndi Percy Bridgman, wasayansi wa ku yunivesite ya Harvard, amene m'chaka cha 1939 anaonetsa kuti mwalawu umasintha kaumbidwe kawiri mphamvu youpanikiza ikamakwera. Lero asayansi amaika kachidutswa pakati pa madayamondi awiri n'kumanga zolimba, ndiye kamapanikizidwa. Koma mukamanena za mwala womwe watsika ndi pansi pa nyanja mpaka m'kati mwa dziko, popanda kuloza woupanikiza, nenani kuti wapanikizika.

Tsopano kusintha ndi kusanduka. Munthu akasintha amakhalabe yemweyo. Chosanduka chimatenga dzina lina. Calcite ndi aragonite zopangira zake n'zofanana: calcium mmodzi, carbon mmodzi, oxygen atatu. Chosiyana ndi kasanjidwe. M'calcite, calcium aliyense amazunguliridwa ndi oxygen 6, pamene m'aragonite ndi 9. Wakhala mwala wina wa dzina lakelake, choncho wasanduka. Mneniyu safunanso "n'kukhala": timangoti amasanduka aragonite. Musamugwiritse ntchito paliponse, komabe. Dolomite, yemwe ali ndi calcium ndi magnesium pamodzi, akapanikizika kwambiri pamalo otentha amagawika pawiri, kwina aragonite kwina magnesite, mwala wa carbonate wokhala ndi magnesium m'malo mwa calcium. Magnesite ameneyu amapirira mpaka pansi kwambiri, ndipo n'chifukwa chake ofufuza amamuona ngati mtengatenga wa carbon wopita m'kati mwa dziko.

Mwina mwaona kuti ndikuti "calcite amasanduka", osati "imasanduka". Ndamuika m'gulu limodzi ndi laimu ndi simenti, amene timati wambiri, wake. Mukasankha "imasanduka" sindingakutsutseni, bola musasakanize m'phunziro limodzi.

"Amalemera" ndiye amene angapusitse mwana kwambiri, chifukwa adzaganiza kuti pa sikelo mwalawo wawonjezera magalamu. Sunawonjezere. Wangothinana n'kutenga malo ochepa. Kachidutswa ka sentimita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu kamalemera pafupifupi magalamu 2.7 kakakhala ka calcite, ndi 2.9 kakakhala ka aragonite.

Pabolodi ndingalembe chonchi: "Calcite akapanikizika kwambiri amasanduka aragonite, ndipo amathinana."